Wadula Ndani Chikwangwani?

9 Febuluwale

Okondedwa amake ana,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Alongo anu nawonso ali bwino, anenepa, akuti ndikupatseni moni. Ndalemba kalata chifukwa pafoni ana amakhala ali pompo, ndipo zina sizoti azimva.

Ndatumiza 900 kudzera kwa kondakitala wa basi yemwe uja. 500 ikhale ya malata, 250 ya nsapato za ana awiriwo, yotsalayo mankhwala a amayi. Nsapato mugule zokulirapo pang'ono.

Munafunsa za ntchito yatsopano. Sindikusesanso. Abwana a depoti andiika kukhala woyang'anira chikwangwani. Chili ngati TV yaikulu, anachipachika pamwamba pa chipilala chapakati, ndipo chimaonetsa nambala za maminibasi amene nthawi yawo yokweza anthu yakwana. Mndandandawo umachokera ku ofesi ya kampani, kutali, kudzera pa intaneti. Pansi pa chipilala pali kabati yachitsulo, m'kati mwake muli kabokosi kokhala ndi kagetsi. Kagetsiko kakakhala kobiriwira ndiye kuti mndandanda ukufika. Kakafiira ndimaimbira mmisiri wa kampani, mayi wina wofatsa amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Kiyi wa kabati ndimamuvala m'khosi.

Pa depoti pano pali magulu awiri a madalaivala, a malaya ofiira ndi a malaya achikasu. Chikwangwani chisanabwere ankalimbirana okwera ndi zitsulo. Tsopano chikanena chanena, palibe wotsutsa. Lachiwiri woitanira wina anakweza amayi atatu m'minibasi imene nthawi yake inali isanakwane. Anamugoneka pomwepo n'kumuponda kumaso mpaka mano awiri anatsala pasimenti. Amene anayamba kumenya ndi dalaivala wina wa ofiira, amamutchula kuti Jeke chifukwa chitsulo chopukusira jeke sichichoka m'manja mwake. Atamaliza anandikodola n'kunena kuti, "A Chikwangwani, bweretsani ndowa. Kapena kusesa munaiwala?" Ndinatsuka magaziwo. Musade nkhawa, ine sindili mbali iliyonse.

Alongo anu aika tebulo lawo lotchajira mafoni motsamira kabati yangayo, magetsi amakoka kwa wometa tsitsi. Madalaivala awatcha a Chaja. Malonda akuyenda, pakamwa paja mukupadziwa. Zingwe zawo amasunga m'kabati kuti zisabedwe, choncho ndikapita kukadya kiyi ndimawasiyira.

Mbuzi ija musagulitse ngakhale amalume akakamize.

Ndine wanu,
bambo a ana.

2 Malichi

Okondedwa amake ana,

Moni kwa inu nonse. Ndasangalala kumva kuti amayi ayamba kuyenda opanda ndodo. Ine ndili bwino, kungoti ndili ndi kachilonda pachipumi, kakuuma.

Ndatumiza 700. Yachepa chifukwa ndagula malaya ena, aja anang'ambika.

Lachisanu pa 28 ndinapita kukadya masana ngati masiku onse. Kunali anthu ambiri, kutha kwa mwezi. Ndili uko mndandanda unasiya kufika. Chimene sindinkadziwa n'chakuti zikatere chikwangwani sichizima. Chimangowala bwinobwino, chikuonetsa zomwe chinalandira komaliza. Tsoka ilo, pamwamba panali nambala zitatu za ofiira. Anakweza, anapita, anabwerera, anapeza nambala zawo zikadali pompo, anakwezanso. Achikasu anali chikhalire padzuwa, kudikira nthawi yawo imene sinkabwera.

Pamene ndinkabwerera mwala woyamba unali utaponyedwa kale. Magalasi a maminibasi anayi anaphwanyika. Ndinaona dalaivala wina wa achikasu akukokedwa kudzera pawindo, magalasi akumucheka pamimba. Mayi wina wogulitsa zipatso anagwa anthu n'kumamuponda akuthawa. Jeke anamenya munthu pakhutu ndi chitsulo chake chija, munthuyo anangokhala pansi ngati watopa, magazi akutsikira m'kolala.

Ndinakwawa mpaka pakabati. Alongo anu anali pansi pa tebulo, mafoni a anthu atawakumbatira pachifuwa. Anandiponyera kiyi, ndinatsegula, kagetsi kali kofiira. Ndinaimbira mmisiri. Phokoso linali lalikulu, ndiye ndinakweza mawu kuti, "Intaneti yaduka, mayi, yaduka."

Amake ana, mawu amenewo ndi amene tonse timanena foni ikasiya kugwira. Koma tcheyamani wa achikasu anali kumbuyo kwanga. Anandigwira pakolala n'kundigunditsa mutu pachitseko cha kabati.

"Yaduka? Wadula ndani?"

Ndinayesa kufotokoza kuti sindikunena waya, ndikunena kuti mndandanda sukufika. Iye anati chinthu sichiduka chokha. Anatembenuka n'kuuza anthu ake kuti ofiira adula waya. Ofiira anati achikasu adula okha kuti apeze poyambira ndewu. Apolisi anabwera mochedwa n'kuwaza utsi wokhetsa misozi, onse anabalalika.

Madzulo, tikulongedza katundu, ndinasuzumira m'kabati n'kupeza kagetsi kabiriwira kokha. Palibe chimene ndinagwira. Alongo anu anati, "Alamu, TV yanuyi ili ndi ziwanda, muziipempherera." Ndinaseka nawo.

Ana musawauze za chilonda. Malata akafika muwasunge m'nyumba, osati panja.

Wanu,
bambo a ana.

16 Malichi

Okondedwa amake ana,

Ndalandira uthenga wanu. Pepani kuti ndinakuopsani. Chilonda chapola, ndipo alongo anu ali bwino. Ntchito sindingaisiye panopa monga mukunenera. Malata atsala asanu ndi atatu kuti denga lithe.

Mmisiri anabwera pa 3. Anakwera makwerero, anayang'ana waya yense kuchokera pamwamba mpaka pansi, sanapeze podulidwa. Anati mwina vuto linali la kampani ya mafoni, zimachitika. Anauza matcheyamani onse awiri zomwezo, koma iwo sanafune kumva. Anati wodulayo analumikizanso.

Panali bambo wina wachikulire amene ankamanga katundu pamwamba pa maminibasi. Ankagwirira magulu onse awiri. Zingwe zikachepa ankamanga ndi waya, choncho m'thumba mwake munkakhala pulayala. Munthu wosalankhulalankhula, ankadya yekha kuseri kwa zimbudzi. Lachinayi pa 6 wina anakumbukira kuti tsiku la ndewu anamuona akudutsa pafupi ndi chipilala. Aliyense amadutsa pafupi ndi chipilala, chili pakati. Anamutsitsa pamwamba pa minibasi pomukoka mwendo, anagwa chagada. Anamupisa m'thumba n'kutulutsa pulayala ija, kuikweza m'mwamba kuti onse aone. Achikasu anati wagulidwa ndi ofiira. Ofiira, pofuna kuonetsa kuti si munthu wawo, anamenya kuposa achikasuwo.

Ndinathamanga kukanena kuti waya sunadulidwe, mmisiri waona. Jeke anandikankha ndi chitsulo pachifuwa n'kunena kuti, "Si inu munati yaduka? Lero mwasintha?" Ndinaima pomwepo. Sindinapitenso patsogolo.

Bamboyo anamwalira kuchipatala pa 11. Apolisi anafunsa, depoti yonse inati sinaone. Nsapato yake imodzi inakhala pansi pa benchi mpaka dzana, wosesa watsopano amaizungulira.

Tinasonkha ya maliro. Ine ndinapereka 50, alongo anu 80, ndipo ndi iwo amene anazungulira ndi mbale pamatebulo onse. Mkazi wa malemuyo anabwera kudzatenga chikwama chake. Anandifunsa ngati ndine wa TV uja. Ndinavomera. Anangondiyang'ana, kenako anapita.

Chakudya sichikulowa bwino masiku ano. Mawu amodzi aja ndimawatembenuza m'mutu. Ndikanati yasiya, kapena yaima.

Aphunzitsi akafunsa za yunifolomu ya wamkuluyo muwauze kuti mwezi wamawa.

Wanu,
bambo a ana.

30 Malichi

Okondedwa amake ana,

Moni. Tonse tili moyo. Kalatayi muwerenge muli nokha, mukamaliza muisunge pamene amayi sangaipeze.

Ndatumiza 850. Yunifolomu ichokere pomwepo.

Lachisanu pa 28 zinachitikanso. Ulendo uno ndinkadyera pafupi, maso ali pachikwangwani, ndipo ndinaona kuti minibasi yanyamuka koma nambala yake siikuchoka. Ndinasiya mbale. Alongo anu anali atapita kukasintha ndalama, kiyi atamusiya pansi pa nsalu ya tebulo. Ndinatsegula, kagetsi kofiira. Ndinaimbira mmisiri, ndikulankhula motsitsa, mutu uli m'kabati.

Anandiuza kuti ndizimitse kabokosi, ndidikire pang'ono, ndiyatsenso. Kofiirabe. Anati ndichotse chingwe chabuluu kumbuyo kwake n'kuchibwezera mpaka chilire kuti tha. Kofiirabe. Kunja achikasu anali atayamba kuliza mahutala. Anati nditsatire chingwe chabuluucho ndi dzanja mpaka pamene chathera. Chinanditsogolera pansi, kuseri kwa thabwa, ndipo kumeneko kuli kabokosi kena kakang'ono kakuda, kamene kamakoka intaneti. Sindinkadziwa n'komwe kuti kaliko. Anafunsa ngati kakuwala. Sikankawala. Anati ndione pulagi yake.

Pulagi yake inali pansi, yozulidwa. M'soketi munali pulagi ina, ya chingwe choyera chokulungidwa tepi yakuda. Chingwecho chinatulukira pabowo la kumbuyo kwa kabati n'kulowa pansi pa nsalu ya tebulo la alongo anu. Tepi imeneyo ndinakulunga ndine.

Ndinazula, ndinabwezera yathu. Kagetsi kanabiriwira. Mmisiri anafunsa kuti ndapeza chiyani, ndinati yabwerera yokha. Kunja woitanira wina anali atabayidwa kale ndi sikuludiraiva pantchafu, koma nambala zitasintha anthu anabwerera m'magalimoto.

Titafika kuchipinda ndinatseka chitseko n'kuika chingwe chija pabedi. Alongo anu anayamba ndi kuseka. Anati Lachisanu la kutha kwa mwezi mafoni amachuluka, soketi ya wometa siikwanira, ndiye amabwereka ya m'kabati. Anati sanali wopusa, anayesa kaye.

"Ndinazula kakang'onoko n'kuyang'ana m'mwamba, TV ikuwala bwinobwino. Ndinati basi, aka n'kopanda ntchito."

Ndinawafunsa ngati pa 28 mwezi watha anachitanso chimodzimodzi, ndi nthawi imene anabwezera. Anati madzulo, polongedza. Ndinawaona akuwerenga okha m'mutu mpaka anafika pa bambo womanga katundu uja. Anatuluka kukasanza pampopi.

Amake ana, ndinawamenya. Atabwerera ndinawamenya khofi limodzi, munthu wamkulu kuposa ine, mlongo wanu. Sanabwezere. Ndikupepesa kwa inu.

Palibe wina akudziwa. Chingwe ndachitaya m'chimbudzi. Kiyi sakuchokanso m'khosi mwanga.

Wanu,
bambo a ana.

6 Epulo

Okondedwa amake ana,

Moni kwa inu, ana ndi amayi. Tili bwino.

Mmisiri anabwera Lachinayi pa 3. Akuti kabokosi kakuda kaja kamasunga mbiri ya zonse zimene zakachitikira. Analumikiza kompyuta yake n'kuwerenga. Waya sunadulidwe, kampani ya mafoni sinalakwe. Kabokosiko kanachotsedwa kumagetsi kawiri, Lachisanu masana, miyezi yonse iwiri. Anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa ngati pali chimene ndikufuna kumuuza asanalembe. Ndinati palibe. Si mayi woipa, analemba zimene anaona n'kupereka kwa abwana. Abwana, pofuna kudzichotsa, anaitana matcheyamani awiri aja n'kuwawerengera.

Kuyambira tsiku limenelo ofiira ndi achikasu akumwera tiyi pa benchi imodzi. Sindinaonepo. Akuti amene anawamenyanitsa ndi munthu mmodzi, ndipo bambo womanga katundu anafera mlandu wa munthu ameneyo. Amene anamupha ndi omwe akulira kwambiri. Msonkhano uliko Lachiwiri pa 8 kuseri kwa galaja, ndipo andiuza kuti ndikabwere ndi dzina, poti kiyi ndi mmodzi.

Ndinauza alongo anu kuti anyamuke. Dzulo anayesa, ndi kachikwama kakang'ono. Koma kuno munthu sutuluka m'tauni osakwera galimoto ya anthu omwewa. Jeke anawalanda chikwama mwaulemu, akumwetulira, n'kunena kuti, "A Chaja, mukatisiya mafoni athu atchaja ndani? Mupite Lachitatu." Onse ogulitsa pafupi ndi chipilala awabweza chimodzimodzi.

Alongo anu akuti akanena okha. Amatero, koma ndikuona kuti mantha awagwira. Ine ndaganiza motere. Iwo ndi wogulitsa chabe, ndipo anapezapo ndalama pa soketi imeneyo. Amenewo akawamenya sadzadzuka. Ine ndili m'buku la abwana, ndili ndi nambala ya ntchito. Wantchito wa depoti akafa kampani ichotsa chikwangwani, ndipo madalaivala sakufuna zimenezo. Alongo anu ndawauza kuti akhale chete, ndipo akatsegula pakamwa ndiye kuti tapita tonse awiri.

Ndatumiza 1,400, ndi zonse zimene ndinali nazo. Mumalize malata. Chikalata cha malo chili m'sutikesi yakuda, m'thumba la m'kati. Wamkuluyo asasiye sukulu, zivute zitani. Kondakitala akabwera sabata yamawa wopanda kalata musadabwe, ntchito yachuluka.

Ndimakukumbukirani tsiku lililonse.

Wanu,
bambo a ana.

11 Meyi

Okondedwa amake ana,

Moni kwa nonse. Ndili moyo, ndinatuluka m'chipatala pa 2. Musadabwe ndi malembawa. Cholembera agwira alongo anu, mawu ndi anga. Ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, osachotsa, ndipo akamaliza ndiwerenga.

Pepani chifukwa cha masabata amene munakhala osamva kanthu. Ndinaletsa ndine kuti asakuimbireni mpaka nditatha kukhala tsonga.

Pa 8 paja anatisonkhanitsa kuseri kwa galaja, magulu onse awiri, ndi ogulitsa onse ataimikidwa kukhoma. Abwana sanabwere, akuti anadwala. Tcheyamani wa achikasu anandifunsa dzina. Ndinati ndine. Ndinati ndinkazula kuti ndilumikize ketulo ya tiyi, poona kuti chikwangwani sichizima ndinkayesa kuti palibe cholakwika.

Wina anaseka. Tcheyamani anati, "Munthu wafa chifukwa cha tiyi?" Ndinati inde.

Jeke sanakhulupirire. Anati iye sanandionepo ndi ketulo. Anayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa ogulitsa aja, chitsulo chikukhukhuza khoma, mpaka anaima pa alongo anu. Anafunsa kuti, "A Chaja, inu mumakhala pompo. Ketuloyo munaiona?"

Apa alongo anu asiya kulemba. Ndawadikira. Akuti tidumphe. Sitidumpha.

Anayankha kuti anaiona. Anati inali yofiira, yothyoka chogwirira. Ndi zimene ndinawauza kuti akanene, ndipo ananena bwino, mawu osanjenjemera. Akanalephera pamenepo bwenzi lero mukulandira mabokosi awiri a maliro. Ndikufuna muzidziwe zimenezi.

Anakangana kanthawi za chochita nane. Ena ankafuna petulo. Matcheyamani anakana, anati kampani ichotsa chikwangwani. Anagwirizana kuti lilangidwe dzanja limene linazula. Anandifunsa kuti ndi liti, ndinati lamanzere, koma wina anati amandiona ndikulemba ndi lamanja. Anabweretsa minibasi, awiri anandigwira, wina anaika dzanja pamene chitseko chokoka chija chimatsekera. Ofiira anatseka kamodzi, achikasu kamodzi, kuti pasakhale gulu lodzanena linzake. Kachitatu anatseka Jeke payekha. Zotsatira sindikuzikumbuka bwino. Nthiti ziwiri zinathyoka, ndiye kuti anapondanso. Amene anandinyamula kumsana mpaka kumsewu waukulu ndi alongo anu, poti palibe galimoto ya pa depoti inalola kundikweza.

Ntchito inatha. Abwana anatumiza malipiro a masiku asanu ndi atatu a Epulo, 320, ndi uthenga woti ndibweze kiyi. Mmisiri anabwera kuchipatala kamodzi ndi malalanje. Anati tsopano pulagi ija aitsekera m'kachitsulo, ndipo mndandanda ukasiya kufika chikwangwani chizilemba mawu akuluakulu oti anthu adikire. Potuluka anati m'kabati muja sanaonemo malo okwana ketulo. Sanafunsenso china.

Alongo anu agulitsa tebulo ndi zingwe zonse. Ndalamayo anakapereka kwa mkazi wa bambo womanga katundu uja. Mayiyo anawafunsa chifukwa chake, iwo anangoti ndi chipepeso. Mwezi wonsewu ndi iwo akundisambitsa, kundimanga mabatani ndi kundidulira chakudya. Nthabwala zija zinatha. Nthawi zina ndimawayamba dala, sayankha.

Kalatayi abweretsa okha, anyamuka Lachinayi. Ndawakakamiza ndine. Kuno Jeke amawapatsabe moni tsiku lililonse, ndipo moni wakewo sindikuukonda. Akafika muwapatse madzi osamba ndi chakudya, agone. Mukafuna kuwakalipira ndi mlongo wanu, sindingakuletseni, koma musachite pamaso pa ana, ndiponso amayi asamve. Kwa ena onse munene kuti ndinapanidwa ndi chitseko cha galimoto kuntchito. Si bodza.

Ine nditsala kaye. Ndiyenera kuonana ndi adokotala pa 27, ndipo wometa uja akuti ali ndi mnzake amene akufuna mlonda wa pageti, ntchito yongokhala ndi kutsegula. Denga alongo anu akhoma, ndawauza kale pamene misomali ili. Mwezi uno sinditumiza kanthu.

Za dzanja, adokotala akuti chala chachikulu ndi cholozera zibwerera ndikamazilimbitsa. Zitatu zinazo musaziyembekezere. Muwakonzekeretse ana pang'onopang'ono, makamaka wamng'onoyo, kuti ndikadzafika asadzathawe.

Ndawerenga, alemba zonse. Pansipa ndasaina ndekha ndi lamanzere.

Wanu,
bambo a ana.